Zipolopolo za m'ndowa

Khofi loyamba linamugwetsera Angelina pa sinki, lachiwiri linamugulula dzino. Mlandu wake unali woti walowetsa tomato m'nyumba osatsuka.

"Chilichonse chochokera kunja uzichinyika m'madzi a jiki! Ukufuna utiphe ndi korona?" anakalipa bwana Obaid.

Wantchitoyo analavula magazi n'kuyankha kuti wamva.

Sabata yomweyo chiphaso cha mfuti ya bwana chinatuluka. Bwana anakagula zipolopolo zawo zoyamba, n'kuponya jumbo pakhomo la khitchini pamodzi ndi anyezi ndi mkaka, iwo n'kuthamangira kosamba. Angelina anatola jumbo ija. Anakhuthulira zipolopolozo m'ndowa ya madzi a jiki, zinagona momwemo, m'mawa anaziyanika padzuwa la ku Al Barsha, m'dziko la Aluya, n'kuzindanda bwinobwino m'kabati ya bwana.

Lachisanu masana madamu, mkazi wa bwana, ananena kuti atopa, akubwerera kwa makolo awo. Mbale zinasweka. Bwana anawakoka tsitsi kuchokera pa masitepe mpaka pabalaza, ndipo Angelina atati aleretse anamukankhira kukhoma. Kenaka anatulutsa mfuti ija n'kulowetsa zipolopolo.

"Khalas, zathera pano," anatero ataloza pachifuwa pa mkazi wawo.

Mfuti inangoti kha, ngati loko wa chitseko. Anayesanso, chimodzimodzi. Madamu anadzambatuka n'kuthawira kumsewu opanda nsapato, akukuwa.

Bwana anasolola chipolopolo chimodzi, nachinunkhiza, n'kutembenuka pang'onopang'ono.

"Wazitani zipolopolo zanga?"

Angelina anapititsa lilime pamene panali dzino paja.

"Zinachokera kunja, bwana."