Tayala Lamkati

"Lakhulanso pansi," anadandaula Edina, akutsika pa kagalimoto kampikisano komwe anapanga yekha.

Inali sabata yachitatu akulimbana nako pabwalo la kwawo ku Nazombe. Akati akhote, tayala limodzi lakutsogolo linkangokhukhuluzika m'fumbi. Aphunzitsi a ku koleji ankakafuna Lolemba, apo ayi Edina abwereza chaka. Anali atayeza mpaka maso kuwawa, ndipo matayala onse awiri ankakhota mofanana ndendende akapotoza chiwongolero.

Bambo ake, a Cornelius, anasiya kusenda chinangwa.

"Ukufuna akhote mofanana? Ng'ombe zikamakhota ndi ngolo, yamkati imapinda kwambiri, yakunja ndiye imazungulira patali."

Edina anagwada pafupi ndi matayalawo. Kenako anamasula tizitsulo tolumikiza matayala, n'kutipendeketsa kuti lamkati lizikhota kuposa linzake. Atakayesa, kagalimoto kanazungulira mtengo wa mango bwinobwino, osakhula.

Anakhala pansi, mphamvu zosangalalira alibe.

"Bambo, bwanji osandiuza kale?"

"Ndimayesa kusukulu anakuuzani," anayankha akutola mpeni wawo. "Paja ng'ombe zija ndinagulitsa kuti iwe ukaphunzire zimenezi."