Chiwala ndi Nsabwe pa Nyemba Imodzi

Padangokhala Chiwala ndi Nsabwe ya m'masamba. Adapikisana kudya masamba a nyemba imodzi ya m'munda, ati wosakhuta asamuke m'mundamo.

"Iwe kopanda mano, udya chiyani?" adatero Chiwala, nayamba kukukuta tsamba mwaphokoso.

Tsamba lolumidwalo lidatumiza uthenga kudzera m'madzi ake: "Tavulala kuno!" Masamba onse adamva, nasanduka owawa ngati ndulu. Chiwala adalavula, m'mimba muli pululu.

Koma Nsabwe adali atakhuta kale. Iye adangobaya kamlomo kuseri kwa tsamba n'kumayamwa, nyemba osamva kanthu.

"Achimwene, vuto lanu mumadya molengeza," adaseka Nsabwe.

Chiwala adasamuka ndi njala yake. Mpaka lero wotiluma poyera ndiye timamuthamangitsa ndi miyala. Wotiyamwa mwakachetechete timamupatsa mpando, n'kumuti bwana.