Ndere M'dziwe la Madamu

Nsomba yofiira ija, yaikulu kuposa zonse, inali itayandama mimba m'mwamba pamene Madamu ankatsegula chitseko chakukhonde. Madzi a m'dziwe lapabwalo anali biriwiri, ndere zitalukana mpaka kutsamwitsa pampu. Fungo lake, eee, ngakhale ntchentche inkayamba yaganiza kaye isanatere.

Madamu sanavutike n'kufunsa munthu. Wochita zimenezi ankamudziwa, ndipo ankagona m'nyumba momwemo.

Mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake, anabwera banja litamuthera. Anafika ndi kachikwama kamodzi, ati adzathandize kusamala bambo ake amene mutu unali utayamba kuwatayikira. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa dzuwa linawalephera. Mwamuna wa Madamu amayendetsa galimoto zamtunda wautali, pakhomo amangoonekera mwa apo ndi apo, ndiye akazi awiriwa ankangopenyana ngati mphaka ndi galu.

Dziwelo anakumba ndi bambo omwewo, apongozi a Madamu, akadali ndi mphamvu, koma wonyadira nalo anali Madamu. Alendo ankajambulitsa pomwepo, timiyala tapansi tikuoneka mbee. Masiku ano mkuluyo ankangokhala pampando wapakhonde tsiku lonse, maso padziwe. Tsiku lina anasiya mpopi wakukhitchini osatseka, madzi n'kudzaza nyumba. Madamu analumbira mlamu akukolopa pomwepo: akadzawononganso china, kaya ndi kapu yomwe, akukawasiya kunyumba yosungira okalamba.

Chibwerere mlamuyo, dziwe silinaonenso mtendere. Madamu anathira mankhwala, anatsuka sefa ya pampu, anabzala maluwa a m'madzi kuti azitchinga dzuwa. Zonsezo kunali kutunga madzi ndi dengu.

"Ndere sizimera pachabe, mayi," anatero bambo wa kusitolo ya nsomba. "Zimanenepa ndi zomwe zagwera m'madzimo, kaya sopo, kaya fetereza, kaya zowola. Alipo amene akukulererani."

Alipo! Mayi woyandikana nawo nyumba, amene maso ake sapita kutchuthi, anali atamutsina kale khutu. Ati Madamu akangonyamuka kupita kuntchito, mlamu uja amatuluka ndi ndowa n'kukagwada padziwe, akucheukacheuka ngati wakuba. Nacho chitini cha chakudya cha nsomba, chimene chinkakhala pakhonde, chinali chitasowa ngati chamera miyendo. Mlamu anali atauza Madamu kuti asadandaule, nsombazo akuzidyetsa ndi iyeyo. Kuzidyetsa kwake kumeneku?

Mmawa umenewo Madamu sanagogode. Analowa m'chipinda cha mlamu, natembenuza matiresi, nakhuthula chikwama. Kunsi kwa bedi, kuseri kwa nsapato zakutha, chitini chija chinali phee, chitapunguka kufika pansi.

"Fote yakwana, alamu!" anakuwa, akuchigwedeza kumaso kwake. "Ichi chikutani muno? Nanga ndowa ija mumathira chiyani m'dziwe mwanga? Madzi ochapira?"

"Sindithiramo kanthu. Ndimachotsamo."

"Mumachotsamo! Onani nkhope, ngati munthu wopemphera. Banja lako linakukanika, ndiye wati udzawononge za eni ake? Nsanje idzakupha iwe. Ngati si iwe, tchula. Ndani?"

Mlamu anayang'ana pazenera. Bambo ake anali pampando paja, akusisita chipewa pabondo. Mlamuyo anawerama n'kuyamba kutola zovala zake pansi.

Madamu anaimbira mwamuna wake foni n'kuikweza mawu kuti onse amve. "Usankhe lero, ine kapena mlongo wako." Kumbali inayo kunamveka kulira kwa injini, kenaka mawu otopa: "Achemwali, pitani kaye kwa azakhali, tidzakambirana ndikabwera."

Mlamu analongedza osagwetsa msozi. Pakhonde anagwada n'kuwakonza bambo ake kolala, iwo akumwetulira ngati akuona munthu wopita kumsika. Atafika pageti anatembenuka.

"Chinthu chimodzi chokha, alamu. Chitinicho musachisiye pakhonde."

"Pakhomo panga undilamule iwe? Choka!" Geti linalira gwa, mayi woyandikana uja akuonera zaulere pamwamba pa mpanda.

Madamu anapempha tchuthi kuntchito, poti tsopano panalibe wokhala ndi mkuluyo. Anavuula ndere ndi manja ake, akutukwana chamumtima ndere iliyonse ngati ndi tsitsi la mlamu. Anakapa madzi oola, nathira abwino. Anagula chakudya chatsopano, nadzaza chitini mpaka pakamwa, n'kuchikhazika pakhonde poonekera, mwadala. Mmawa wake madzi anali ngwee, nsomba zotsala zikusewera. Anazipatsa kachakudya kapansonga ya supuni monga anamulangizira wa kusitolo uja, nakhala pansi ndi kapu ya tiyi. Mtima unali myaa. Njoka inali itachoka pakhomo.

Apongozi anadzuka pampando, natapa chakudya dzanja lodzaza, n'kuwaza m'dziwe. "Ana anga, chikhalire simunadye." Anakhala pansi. Tiyi asanazizire anadzukanso, natapanso, mawu omwe aja, kenaka anacheukira Madamu nkhope ili yowala.

"Mulungu akudalitseni, apongozi. Mwana uja amangondibisira chitinichi, ine kumachita kuvutika kuchifunafuna."