Ndege Yachisanu ndi Chinayi

Mvula itayamba kuwaza, Kuwabara, makaniko wa asilikali a Japan pabwalo la ndege ku Burma, anasiya mpunga wake n'kupita kukafunditsa mainjini. Anatenga malona asanu ndi atatu, poti m'mawa ndege zoponya mabomba zinanyamuka zisanu ndi zinayi, koma imene ankayendetsa Segawa sinabwereko.

Anazifunditsa imodziimodzi mumdimamo. Malona atatha, kumapeto kwa mzere kunatsala ndege ina.

Anaiyandikira. Ndegezi zinali zokwera anthu awiri, matayala ake osapindika, ndipo kumatayala a iyi kunali kutakola udzu wa mumtsinje. Injini inali yozizira ngati mwala. Kunsi kwake anakhudza paipi ya mafuta imene iye mwini anaimanga ndi waya dzulo lake, zipangizo zitasowa. Wayayo anali atamasuka.

"Madala Kuwabara." Mawuwo anachokera pampando woyendetsera, ndipo anali a Segawa, okokakoka ngati masiku onse. "Ntchito yanu ija ikudontha."

"Bwana Segawa, mwatera nthawi yanji? Sitinaimvetu kulira."

"Mangani bwino ulendo uno."

Kuwabara anamanga. Anaikoka kawiri mfundoyo, n'kubwerera m'mbuyo.

"Ndatha, bwana."

"Nanga mukupita kuti? Mwambo wathu mwauiwala? Wokonza injini amakwera nawo ulendo woyamba, akaimve yekha."

Chivindikiro chagalasi cha mpando wakumbuyo chinatseguka pang'onopang'ono. Munalibe munthu, munali madzi okhaokha.

"Mnzanga wa mfuti uja watsala mumtsinje," anatero Segawa. "Malo alipo, kwerani."