Pogwira Mayi

Zaka zisanu ndi zinayi anadwazika mayi ake yekhayekha. Koma atangowaika m'manda, achimwene ake, amene sanawapatsepo ngakhale kapu ya madzi, analamula kuti khoma la m'mbali mwa masitepe ligumulidwe.

"Nyumba ioneke yamakono, igulidwe msanga," anatero. Iye sanafunsidwe n'komwe.

Kutangoda, mmisiri amene ankagumula khomalo anamuimbira foni. "Achemwali, ndaiwala kutseka zenera la m'mwamba, ndipo kukubwera mvula."

Achimwene anali otanganidwa, monga mwa masiku onse. Iye ndiye anapita.

Amisiri anali atadula magetsi. Anayatsa tochi ya pafoni, n'kuponda zidutswa za njerwa mpaka pamasitepe. Ali pakati pokwera, anamva kumbuyo kwake: khwee, khwee. Inali mphete ya mayi ikukhula khoma, monga inkachitira akamakwera atagwiririra. Anaunika. Panalibe khoma, fumbi lokhalokha.

Phokosolo linafika pomwe anaima, n'kusiya.

"Nanga ndigwira pati?" anafunsa mawu otopa aja a mayi ake.

Dzanja lozizira linatera paphewa pake, pomwe linkatera kale.

"Mwana wanu wapamtima ali kwake," iye ananong'ona. "Bwanji osapita kumeneko?"

Dzanjalo linangomufinya, n'kumukankha kuti azikwera.