Edina Anagulitsa Injini ya Boti Kuti Agule Kiripito

Panali mayi wina ku Senga Bay, dzina lake Edina, katswiri pa geni ya usipa. Odziwa akuti nkhaniyi ndi yoona.

Usipa ukaphedwa wambiri mtengo n'kugwa, Edina ankagula mabigili ambirimbiri, ndowa zoyezera usipa zija, kuyanika pa thandala n'kusunga. Ukasowa, ankakagulitsa ku Lilongwe pa mtengo wowirikiza. Anzake ankamusirira, nayenso ankadzimva.

Tsiku lina mlamu wake Trust, woperekera zakudya pa loji ina, anamuonetsa pa foni ndalama za pa intaneti zotchedwa kiripito.

"Alamu, mtengo wagwa, anthu akugulitsa ndi mantha. Ochenjera amagula nthawi ngati ino."

Edina anaseka. "Ndiye ndi usipa womwewo! Zimenezo usandiphunzitse ine."

Anaikamo mpamba wake wonse. Sabata isanathe, mtengo unagwanso ndi theka. Mantha anamugwira. Koma mutu wa geni uja unkamuuza kuti wogula pansi salira, chofunika n'kuwonjezera.

Pa nthawiyo nyanja inali yotseka, usodzi uli woletsedwa, ndipo mwamuna wake, a Lameck, anali ku Chitala kukadzala chimanga. Injini ya boti lawo, imene inkadyetsa banja lonse, anaisiya atakhomera m'chipinda. Edina ataganiza zoigulitsa, Salome, mnzake wa pa geni, anamuchenjeza.

"Edina, usipa ukakanika kugulitsa timadya ndi ana. Nanga izi udzadya bwanji? Injini usaikhudze."

Iye anangoti ndi nsanje. Injini ija anaigulitsa kwa munthu wodutsa wochokera ku Nkhotakota n'kuika ndalamazo mu kiripito, poganiza kuti a Lameck akamabwera adzapeza yatsopano.

Mtengo sunadzuke. Edina ankayang'ana pa foni mphindi iliyonse, manambala akungotsika. Anathamangira ku loji kukafunsa Trust.

"Alamu, zanganso zapita. Akuti ndalama ija yafa, palibe akugulanso."

"Yafa bwanji? Ili kuti ndikaitenge ndisunge m'nyumba?"

"Kulibe kokaitenga, alamu."

Madzulo omwewo foni inalira. Anali a Lameck, ali osangalala.

"Mayi a Tadala, nyanja atsegula! Ndikubwera Loweruka. Mundipukutireko injini."

Edina anangoti eya. Anafunsa pa doko lililonse za wogula uja, koma palibe ankadziwa ngakhale dzina lake. Akamva minibasi yaima pamsewu, ankasuzumira kuti aone ngati ndi a Lameck.

Loweruka a Lameck anafika atanyamula chigubu cha petulo, pambuyo pawo pali amuna asanu ogwira ntchito m'boti lawo.

"Kiyi wa kuchipinda ali kuti?"

Edina anawapatsa. A Lameck anatsegula n'kuyang'ana pansi pamene panangotsala dontho la oilo. Sanakalipe. Anatembenukira amuna aja.

"Pitani mukafune ntchito kwa ena. Mukaipeza, mundifunsireko inenso."

Lero bambo amene ankalemba anzawo ntchito amakoka khoka m'boti la eni, ndipo lawo likuwola pa mchenga.

Phunziro: Si chilichonse chimene chatsika mtengo chidzakwerenso, china chimakhala chikufa. Musaike pa foni chinthu chimene chimadyetsa banja lanu, ndipo mantha akakugwirani, imeneyo ndi nthawi yoima, osati yowonjezera. Tumizirani nkhaniyi abale anu a geni injini ina isanatuluke m'nyumba.