Mayeso a Mkamwini ku Kanema

Analowa filimu itayamba kale. Owachedwetsa anali a Telala, amene anakana kutuluka m'nyumba mpaka buluku lawo litasitidwa kachiwiri. Mu holo munali mdima wa ndiweyani. Mayi, akazi awo a Telalawo, amene anagula okha matikiti n'kuwatsekera m'chikwama, ndiwo anatsogolera mpaka pa mzere wachitatu kuchokera kumbuyo. Mnyamata Wamagetsi anapezeka wakhala pakati pa chibwenzi chake ndi a Telala, bambo ake a mtsikanayo, ngati nsalu imene yalowa mu sizasi.

Masana amenewo anali mayeso. Wamagetsi ankafuna kukwatira mwana wa a Telala, ndipo mphete inali kale m'thumba la jekete. Koma a Telala sankafunsa munthu za ntchito yake kapena za kwawo. Iwo ankangopita naye ku kanema. Ankati mwamuna woombera m'manja zinthu zachabechabe sangathe kusankha chanzeru m'banja. Amuna awiri anali atagwa kale pa mayeso omwewa. Wachiwiriyo anangoseka pamalo olakwika, basi zake zinathera pomwepo.

Muyezo wa zonse inali filimu ya woyendetsa sitima. Yoyamba inatuluka zaka makumi atatu zapitazo, ndipo a Telala anaionera ndi mayi tsiku loyamba kuyenda limodzi, mu holo yomweyi, pa mzere womwewu. Kuyambira pamenepo, aliyense wobwera kudzayezetsa suti ankaimva mbiri yake, afune asafune, tepi ili m'chiuno. A Telala ankakumbukira zonse: mvula imene inkagwa padenga, mpando umene unkalira, fungo la sopo, deresi lobiriwira la mabatani oyera. Ukawafunsa kuti nanga woyendetsa sitimayo zinamuthera bwanji, ankapukusa mutu n'kunena kuti ana a masiku ano sangamvetse. Pa TV ankakana kuionera, ati chinthu chachikulu chotero sungachipanikize m'kabokosi. Magawo otsatira, lachiwiri mpaka lachinayi, ankawatcha zigamba. Tsono mwezi umenewo kunali kutatuluka gawo lachisanu, ndipo tawuni yonse inkakamba za ilo.

Mtsikanayo anali atamuphunzitsa Wamagetsi pa foni, mobwerezabwereza. Chilichonse chimene aone, anene kuti n'chachabechabe, yoyamba ija ndiye inali filimu. Mawu ochepa chabe, ngakhale mwana akhoza kuwaloweza.

Vuto linali lakuti filimuyo inamugwira mtima. Pamene woyendetsa sitima anadutsa pa siteshoni ya kwawo osaima, mkazi wake akumubayibitsa ndi mpango osadziwa kuti sadzamuonanso, Wamagetsi analephera kupirira. Munthu wokwera mapolo a magetsi osanjenjemera anayamba kufufuza kansalu m'thumba. Anachita manyazi, koma misozi sinamvere.

Kumanja kwake a Telala anali pa ntchito. Jekete la woyendetsa sitimayo, ati analisoka munthu wakhungu. Mkaziyo ankalira ngati akudula anyezi. Magalimoto akale anawaikamo dala pofuna kupusitsa okalamba. Nyimbo nayo anachita kuba ku filimu yoyamba, opanda ndi manyazi omwe. Anthu a mzere wakutsogolo anatembenuka kawiri kuwapempha kuti atsitseko mawu, koma a Telala ankati akuwathandiza.  Mayi anangoika manja pa chikwama.

Magetsi atayaka, anthu anayamba kutuluka. A Telala sanadzuke. Anawongola kolala n'kutembenuka.

"Eya, achimwene. Mwaiona bwanji?"

Mtsikanayo anatsina Wamagetsi pa ntchafu. Mawu aja anali okonzeka kale pakamwa, koma maso ake anali psuu, ndipo kansalu konyowa kanali m'manja. Anaganiza zoti akanama lero, ndiye kuti adzanama pa filimu iliyonse mpaka imfa.

"Mundikhululukire, bambo. Ine yandikomera. Mpaka ndalira."

A Telala anaimirira pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndiye zinali zoopsa kwambiri. Anafotokoza modekha kuti iwo anaona filimu yeniyeni ndi maso awo, kuti chimene chaonetsedwa lero ndi chigamba cha chigamba, ndipo kuti mwana wawo sanamulerere munthu wolirira zinyalala. Anamufunira zabwino zonse pa ntchito yake ya magetsi. Mtsikanayo anabisa nkhope m'manja. Wamagetsi anagwira thumba lija la mphete, mtima utasweka, akudzitukwana kuti wataya mkazi chifukwa cha sitima ya pa chinsalu.

Apo m'pamene mayi anatsegula chikwama. Anatulutsa magalasi a amuna awo, kenako tikiti imodzi, n'kuwapatsa zonse ziwiri.

"Tawerengani, bambo. Gawo lachisanu likuonetsedwa mu holo ya pamwamba. Imene mwaitukwanayi ndi yoyamba ija, aibwezeretsa sabata ino."

A Telala anawerenga tikitiyo kawiri. Kenako ananena motsitsa kuti zimenezo sizingatheke, iwo akanaizindikira.

"Mukanaizindikira bwanji?" anatero mayi akutseka chikwama. "Tsiku lija, maola awiri onse, inu munkayang'ana ine."